Ndemanga ya maphunziro a tchuthi a mu labotale ku Mzuzu: yisiti, prion ndi mapuloteni amene amaisunga

Aphunzitsi anzanga a Biology ndi ophunzira ena a m'makoleji akhala akundifunsa ngati maphunziro a tchuthi a mu labotale, amene kagulu kena ka aphunzitsi a sayansi kamachititsa m'chipinda chobwereka kuno ku Mzuzu, ali oyenera ndalama imene kamalipiritsa. Yankho langa ndi lakuti ndi oyenera, ngakhale kuti chifukwa chake si chimene chinalembedwa pa pepala lawo lolengeza. Pepalalo limalonjeza kuti wophunzira adzaona ndi maso ake miulu ya prion, kutanthauza mapuloteni opindika molakwika amene amaundana, pa maikulosikopu, ndipo lonjezo limenelo silikwaniritsidwa. Chimene munthu amapindula ndi chachikulu kuposa pamenepo: amachoka atamvetsa, kudzera m'timbale ta yisiti timene wadzala ndi manja ake, kuti prion siichoka ku selo kupita kwa ana ake mwa mphamvu yake yokha, koma imadalira mapuloteni a selo lomwelo, makamaka aja amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi yoteteza selo kuti mapuloteni ake asaundane.

Maphunzirowa amachitika masana pa tchuthi chachitali, m'nyumba ina ya m'mbali mwa msewu wopita ku Nkhata Bay, ndipo amatenga anthu ochepa kuti aliyense apeze malo pa benchi. Ndalama yake si yochepa kwa munthu wolandira malipiro a uphunzitsi wa sekondale, koma amalola kulipira m'magawo awiri, ndipo m'ndalamamo muli kale timbale ta petri, magolovesi, chakudya cha yisiti ndi mankhwala onse. Amene amatsogolera ndi mayi wina amene anachitapo kafukufuku wa yisiti pamene ankaphunzira kunja, ndipo chuma chenicheni cha maphunzirowa ndi mitundu ya yisiti wa kafukufuku imene iwo amasunga mufiriji. Izi n'zofunika kwa aliyense amene akuganiza zochita zomwezi ndi paketi ya yisiti wophikira mabanzi ndi mandasi. Chamoyo chake n'chimodzimodzi, Saccharomyces cerevisiae, koma wa m'sitolo alibe chilema cha m'jini chimene chimachititsa kuti prion izioneka ndi maso, choncho angamere bwino kwambiri koma sangakuuzeni kanthu pa nkhaniyi.

Pa mbiri ya maprion a nyama amayiwo anadutsa mofulumira, ndipo anachita bwino. Anatchula Stanley Prusiner, amene mu 1982 ananena kuti matenda a nkhosa otchedwa scrapie amafalitsidwa ndi puloteni yopanda DNA kapena RNA, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1997. Anatchulanso matenda a misala ya ng'ombe amene anadziwika ku Britain mu 1986. Mfundo yake ndi imodzi: puloteni yopindika molakwika imakakamiza inzake ya mtundu womwewo kupindika chimodzimodzi, ndipo zimamatirana n'kupanga ulusi wautali wolimba umene akatswiri amautcha amyloid. Bambo wina amene amaphunzitsa kusukulu ya kumudzi anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti mkate ungatipatse matenda amenewa?" Anayankhidwa mosazungulira kuti mapuloteni amene amasanduka prion mu yisiti alibe ubale ndi puloteni ya PrP, imene imasanduka prion mu ubongo wa nyama, ndipo sayambitsa matenda mwa munthu. N'chifukwa chake nkhani yovuta chonchi ingathe kuphunziridwa pa benchi wamba, m'chipinda chopanda zitseko zapadera.

Mbali ya yisiti ndi imene inayamba kundigwira mtima. Mu 1965 Brian Cox anapeza khalidwe lina la yisiti limene analitcha [PSI+], limene linkapita kwa ana onse pambuyo pa kukwatitsa maselo, mosatsata malamulo a Mendel amene timaphunzitsa m'kalasi. Mu 1971 François Lacroute anapeza lina lofanana nalo, [URE3]. Kwa zaka zoposa makumi awiri panalibe amene anapeza DNA kapena RNA imene inkanyamula makhalidwe amenewa, kufikira mu 1994 pamene Reed Wickner anasonyeza kuti [URE3] ndi puloteni ya Ure2 imene yasintha kapindidwe, ndipo ananena kuti [PSI+] iyenera kukhala puloteni ya Sup35 imene yachita chimodzimodzi. Amayiwo analemba pa bolodi zizindikiro zitatu zimene Wickner anagwiritsa ntchito, ndipo zinakhala pa bolodipo mpaka maphunziro atatha. Choyamba, prion ikachotsedwa m'selo ikhoza kudzabukanso yokha mwa apo ndi apo, chifukwa jini lopanga puloteniyo likadalipo. Chachiwiri, selo likapanga puloteniyo mopitirira muyeso, prion imabuka kawirikawiri. Chachitatu, selo lokhala ndi prion limaoneka ngati lili ndi jini lowonongeka, pomwe jini lomwelo likufunika kukhala labwino kuti prion ipitirire. Kufotokoza kwa mfundo yachitatuyi kunali kwabwino kuposa kumene ndinawerengapo kwina kulikonse.

Kuti munthu amvetse zimene timbale tikuonetsa, ayenera kudziwa ntchito ya Sup35. Ndi puloteni ya ma amino acid 685, ndipo pamodzi ndi inzake Sup45 imathandiza ribosome, kachipangizo ka m'selo kopanga mapuloteni, kuima ikafika pa chizindikiro choimitsa cha mu uthenga wochokera ku jini. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi mbali yakumapeto ya puloteniyo. Mbali yakumayambiriro, ya ma amino acid pafupifupi 123, ndi yodzala ndi glutamine ndi asparagine, ndipo ndi imene imamatirana n'kupanga ulusi. Yisiti amene tinapatsidwa ali ndi chilema chotchedwa ade1-14, kutanthauza kuti pakati pa jini lothandiza kupanga adenine, chimodzi mwa zinthu zomangira DNA, pali chizindikiro choimitsa cha UGA pamene sichinayenera kukhala. Sup35 ikakhala yomasuka, ribosome imaima pamenepo, enzyme siimalizidwa, ndipo mankhwala a pakati pa njira yopangira adenine amaunjikana m'selo n'kusanduka ofiira. Sup35 yambiri ikagwidwa mu ulusi wa prion, ribosome nthawi zina imalumpha chizindikirocho, enzyme yathunthu imapangidwa, ndipo timiulu ta yisiti timamera toyera.

Tinapatsidwa timbale titatu tokhala ndi yisiti wa DNA yofanana ndendende. Koyamba kanali ndi timiulu toyera, kachiwiri ta pinki, kachitatu tofiira kwambiri. Ndinakweza kambale kofiira kuloza pa zenera, ndipo kamulu kalikonse kanali kozungulira bwino, kosalala, konyezimira pang'ono pamwamba, kofiira pakati ndi kotuwirako m'mphepete mmene maselo atsopano anali asanayambe kupanga utoto. Kenaka tinatenga timitengo totokosera mano timene tinaphikidwa kuti tife tizilombo, n'kukanda kuchokera ku kambale kalikonse kupita pa chakudya chopanda adenine. Patapita masiku angapo, woyera anamera bwino, wa pinki anamera mofooka, ndipo pamene tinakanda wofiira panangotsala mzere wa kamtengo. Kwa mphunzitsi amene wakhala akuuza ana kuti khalidwe lililonse lotengera limachokera ku jini, kuona kusiyana kotere pakati pa maselo a majini ofanana, kusiyana kumene kukupita kwa ana m'mibadwo yambiri, ndi chinthu chimene chimasintha mmene amaphunzitsira mutu wonse wa zotengera.

Pachimake pa maphunzirowa panali pa kuyesa kwa mankhwala a guanidine hydrochloride. Mankhwalawa akachuluka amamasula mapuloteni onse, koma ife tinagwiritsa ntchito ochepa kwambiri, mamilimola 3 pa lita imodzi ya chakudya, mlingo umene sungasungunule ulusi wa prion. Kuti mlingo wochepa chonchi umachotsa [PSI+] zinadziwika mu 1981 kuchokera kwa Mick Tuite, Cox ndi anzawo, koma chifukwa chake chinadzamveka patapita zaka pafupifupi 20, pamene zinapezeka kuti guanidine amaimitsa puloteni ya m'selo yotchedwa Hsp104. Tinadzala yisiti woyera pa chakudya chokhala ndi mankhwalawa, tinamusiya kuti amere, kenaka tinamusamutsira pa chakudya wamba. Timiulu tambiri tinatuluka tofiira, ndipo tinakhalabe tofiira ngakhale titasamutsidwanso, pomwe mankhwalawo anali atachotsedwa kalekale.

Funso limene amayiwo anatisiyira usiku umenewo linali lakuti: ngati Hsp104 ndi puloteni yomasula mapuloteni oundana, bwanji kuiimitsa kukuchotsa prion m'malo moichulukitsa? Ambiri tinayembekezera zosiyana ndi zimene tinaona. Hsp104 inadziwika mu 1990, m'labotale ya Susan Lindquist, kuti ndi imene imathandiza yisiti kupulumuka kutentha koopsa. Mapuloteni 6 ofanana amalumikizana n'kupanga mphete ya bowo pakati, ndipo pogwiritsa ntchito mphamvu ya ATP mpheteyo imakoka puloteni imodzi kuchoka pa muulu n'kuidutsitsa pabowopo kuti ikapindikenso bwino. Pa miulu wamba yobwera chifukwa cha kutentha, ntchito imeneyi imapulumutsa selo. Pa ulusi wa prion zotsatira zake n'zina, chifukwa puloteni imodzi ikazulidwa pakati pa ulusi, ulusiwo umaduka pawiri, ndipo chidutswa chilichonse chimakhala ndi nsonga zake zimene zimayamba kukoka Sup35 yomasuka n'kukula. Amayiwo anayerekeza ndi mlimi wa chinangwa wa ku Nkhata Bay, amene sadzala mtengo wonse wautali paphando limodzi, koma amaudula tizidutswa, ndipo kachidutswa kalikonse kamamera n'kukhala chomera pachokha. Popanda wodula, ulusi umangotalika koma chiwerengero chake sichiwonjezeka.

Zotsala zinali masamu a pa bolodi, amene mwana wa Fomu 3 angawatsate. Selo likagawikana, tizidutswa ta prion timagawidwa pakati pa mayi ndi mwana. Tiyerekeze kuti selo linali ndi tizidutswa 512 pamene Hsp104 inaimitsidwa. Pa kugawikana koyamba lililonse litsala ndi pafupifupi 256, kenaka 128, ndipo pofika kugawikana kwa nambala 9 kamatsala kamodzi pa selo, kuchokera pamenepo maselo opanda kachidutswa n'komwe amayamba kuchuluka. Yisiti pa chakudya chabwino ndi kutentha kwa madigiri 30 amagawikana pafupifupi mphindi 90 zilizonse, choncho zonsezi sizitenga nthawi yaitali. Izi zikufotokozanso chifukwa chimene maselo amene sakugawikana sachira ndi guanidine: mankhwalawa saphwanya prion, amangoletsa kudulidwa kwake, ndipo kugawikana kwa maselo ndi kumene kumaitha. Pa timbale tathu umboni wake unali timiulu ta mawanga, toyera mbali ina ndi tofiira mbali ina, ndipo malire a mitunduyo anali owongoka kuchokera pakati kupita m'mphepete. Kamulu kotero kanayamba ndi selo limene linali ndi tizidutswa tochepa zedi, kotero kuti ana ake ena anatengako ndipo ena sanatenge.

Apa ndiyamikire chisamaliro chimene amayiwo anaonetsa pa kanthu kamene mphunzitsi wofulumira akanakadumpha. Pakati pa timiulu tofiira panali tina toyera koma tating'ono kwambiri, ndipo mtsikana wina wa ku koleji anatiwerengera pamodzi ndi tokhala ndi prion. Amayiwo anamuuza kuti, "Mwanawe, musathamangire kulemba, tiyeni tiyambe tamufunsa yisitiyo," ndipo anatipatsa chakudya chokhala ndi glycerol m'malo mwa glucose. Timiulu tating'onoto sitinamere. Anali maselo amene mitochondria yawo, mbali ya selo yopereka mphamvu, yawonongeka, ndipo maselo otero sapanga utoto wofiira ngakhale alibe prion. Kuyera kokha si umboni, ndipo wophunzira amene waona zimenezi kamodzi sadzaiwala chifukwa chimene kuyesa kulikonse kumafunira kuyesa kwina kotsimikizira.

Panalinso mtundu wina wa yisiti umene unakonzedwa kuti uzipanga Hsp104 yochuluka kuposa masiku onse, ndipo nawonso unatulutsa timiulu tofiira. Izi ndi zimene Yury Chernoff, Lindquist, Susan Liebman ndi anzawo analengeza mu 1995: [PSI+] imatha Hsp104 ikasowa, imathanso ikachulukitsa, ndipo imakhazikika pa mlingo wapakati basi. Munthu angafulumire kunena kuti Hsp104 yochuluka imangosungunula ulusi wonse, ndipo ndinakondwa kuti amayiwo sanatipatse yankho lophweka limenelo. Anafotokoza kuti akatswiri amasiyana maganizo. Ena amati Hsp104 yochuluka imasenga ulusi kuchokera ku nsonga mpaka utatha, pomwe ena amati imachititsa kuti tizidutswa titsalire mwa selo la mayi osapita kwa mwana. Anawonjezera kuti kuchuluka kwa Hsp104 kumachotsa [PSI+] mosavuta koma sikuchita chimodzimodzi ndi maprion ena a yisiti, pomwe kusowa kwake kumachotsa [PSI+], [URE3] ndi prion ina ya yisiti yotchedwa [PIN+] yomwe. Mphunzitsi amene amauza ophunzira pamene mtsutso ulili, osabisa, amandipatsa chikhulupiriro pa zina zonse zimene akunena.

Dandaulo langa loyamba lili pa mapuloteni ena onse, amene anapanikizidwa m'phunziro limodzi la pa bolodi lopanda kuyesa kulikonse. Hsp104 siigwira ntchito yokha, ndipo mu 1998 John Glover ndi Lindquist anasonyeza kuti imafuna mapuloteni ena othandizira, a m'mabanja a Hsp70 ndi Hsp40, kuti imasule miulu. Pa ulusi wa prion, Sis1, ya m'banja la Hsp40, pamodzi ndi Ssa, ya m'banja la Hsp70, ndi zimene zimafikitsa Hsp104 pamalo odula, ndipo Sis1 ikachepetsedwa [URE3] ndi [PIN+] zimatha mofulumira pomwe [PSI+] imatha pang'onopang'ono. M'banja la Hsp70 lomwelo muli kusiyana kodabwitsa. Ssa ikachuluka imateteza [PSI+] kuti Hsp104 yochuluka isaichotse, pomwe Ssb, imene imakhala pa ribosome n'kumathandiza mapuloteni atsopano kupindika bwino akamatuluka, imalimbana ndi prion, ndipo majini ake awiri akachotsedwa [PSI+] imabuka kawirikawiri. Ssa1 ndi Ssa2 n'zofanana koposa magawo 95 pa 100, komabe kuchulukitsa Ssa1 kumachotsa [URE3] pomwe kuchulukitsa Ssa2 sikutero. Ydj1, ya m'banja la Hsp40, ikachuluka imachotsanso [URE3]. Btn2, imene gulu la Wickner linaifotokoza mu 2008 pamodzi ndi Cur1, imasonkhanitsa miulu ya Ure2 pamalo amodzi m'selo, kotero kuti pogawikana selo limodzi limatsala lopanda mbewu ya prion.

Zonsezi zinanenedwa m'maola ochepa, ndipo ndinaona anzanga ambiri akungokopera mayina osamvetsa. N'zomvetsa chisoni, chifukwa m'phunziro limeneli ndi mmene muli mfundo yaikulu ya nkhani yonse: selo lili ndi mapuloteni amene mosadziwa amafalitsa prion, ndiponso lili ndi ena amene amailepheretsa kubuka kapena kuitsekera pakona, ndipo chimene chimaoneka pa kambale ndi zotsatira za kukokana kwa magulu awiriwa. Puloteni imodzi ikhoza kuthandiza prion ina n'kuwononga inzake. Okonza maphunzirowa akanachita bwino kuchepetsa nthawi imene amathera pophunzitsa kutsuka ndi kulemba mayina pa timbale, imene ambiri mwa ife timaidziwa kale, n'kupereka masana awiri kapena atatu ku mutu umenewu, ngakhale atapanda kupeza mitundu ya yisiti yoyeserera.

Nkhani ya [PIN+] yokha ndi imene inapatsidwa mpata wokwanira, chifukwa inalumikizana ndi timbale tathu. Irina Derkatch ndi Liebman anaipeza mu 1997, ndipo mu 2001 zinatsimikizika kuti ndi prion ya puloteni ya Rnq1. Selo lopanda [PIN+] silibutsa [PSI+] mosavuta ngakhale litapanga Sup35 yambiri, chifukwa chiyambi cha ulusi ndi chimene chimavuta, ndipo ulusi wa Rnq1 umene ulipo kale umapereka poyambira. Popeza guanidine amachotsa maprion onse odalira Hsp104 nthawi imodzi, yisiti wathu wofiira anataya [PIN+] pamodzi ndi [PSI+], ndipo n'chifukwa chake kumubwezera ku kuyera kukanakhala kovuta kwambiri. Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti pakati pa mapuloteni a m'selo amene amalamulira kuundana kwa prion palinso maprion ena.

Kambale ka pinki kanafotokozedwa chakumapeto, ndipo dongosolo limenelo linali lanzeru, chifukwa munthu sangakamvetse asanamvetse za kudula. Puloteni imodzi ya Sup35 ikhoza kupindika m'njira zingapo zosiyana, ndipo njira iliyonse imadzikopera yokha. Mu 2004 Motomasa Tanaka ndi Jonathan Weissman anapanga ulusi wa Sup35 m'botolo, wina pa madigiri 4 ndi wina pa madigiri 37, n'kuulowetsa m'maselo opanda prion. Wa pa madigiri 4 unatulutsa prion yamphamvu ya timiulu toyera, ndipo wa pa madigiri 37 unatulutsa yofooka ya pinki. Chaka chomwecho Chih-Yen King ndi Ruben Diaz-Avalos anapeza zogwirizana ndi zimenezi. Chodabwitsa n'chakuti ulusi wopereka prion yamphamvu ndi umene uli wosalimba. Umaduka mosavuta, tizidutswa timachuluka, nsonga zokoka Sup35 zimachuluka, ndipo yomasuka imatsala yochepa. Ulusi wolimba umadulidwa movutikira, choncho umapereka prion yofooka imene imatayika mosavuta, ndipo pa kambale ka pinki tinkaonadi kamulu kofiira apa ndi apo popanda mankhwala alionse.

Tsopano za maikulosikopu. Imene ili m'chipindamo ndi ya mtundu umene umapezeka m'masekondale ambiri, ndipo imaonetsa bwino maselo a yisiti akuphukira ana, koma selo la prion ndi lopanda prion zimaoneka chimodzimodzi. Kuti munthu aone miulu ya Sup35 pamafunika kulumikiza puloteniyo ndi ina yowala mobiriwira yotchedwa GFP, ndiponso maikulosikopu yapadera yowalitsa ndi kuwala kwa buluu. Ife tinaonetsedwa zithunzi pa laputopu: selo lopanda prion lowala mofanana ponseponse, selo la prion lokhala ndi timadontho towala, ndi mphete zazikulu zimene zimaoneka prion ikamangobuka kumene. Zithunzizo zinali zabwino ndipo zinafotokozedwa bwino, koma si zimene pepala lolengeza linanena. Nditafunsa, wothandizira wawo anati mawuwo analembedwa kuti akope anthu. Sindikugwirizana nazo. Maphunzirowa ali ndi zokwanira zokopera anthu mwachilungamo, ndipo munthu amene wachokera ku Rumphi kapena ku Mzimba, walipira ulendo ndi malo ogona chifukwa cha lonjezo limenelo, ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira.

Zipangizo zina n'zosavuta koma zimagwira ntchito. Chakudya cha yisiti chimaphikidwa mu poto wa presha kuti tizilombo tife, ndipo pothira m'timbale amayatsa kanyali ka sipiriti pafupi. Vuto lalikulu ndi kuzizira kwa Mzuzu. Bokosi lofunditsira timbale ndi limodzi, ndipo magetsi akazima usiku palibe jenereta kapena batire, choncho yisiti amene amafuna madigiri 30 amagona m'chisanu ndipo kukula kwake kumachedwa. Zimenezi zinasokoneza ndandanda kangapo, ndipo tsiku lina tinafika n'kupeza palibe choti tiwerenge. Chinyezi cha kuno nachonso chinabweretsa nkhungu pa timbale tingapo, makamaka ta anthu amene ankalankhula kambale kali chotsegula. Kuzizira kunathandiza pa chinthu chimodzi: timiulu tikakula, kusunga timbale pozizira kumakometsa utoto wofiira, ndipo amayiwo amachepetsanso mwadala yeast extract m'chakudya kuti kusiyana kwa mitundu kuoneke msanga. Pa chitetezo, magolovesi analipo okwanira ndipo timbale totha ntchito tinkaphikidwa tisanatayidwe, koma za kuopsa kwa ufa wa guanidine, umene umayabwa pakhungu ndi m'maso ndipo ndi woopsa ukamezedwa, tinauzidwa botolo litatsegulidwa kale. Chenjezo limenelo liyenera kubwera poyamba, ndipo magalasi oteteza maso ayenera kukhalapo kwa amene akupima ufawo.

Masana omaliza anali a zokambirana, ndipo funso linali lakuti kodi maprion ndi matenda a yisiti kapena ndi chida chomuthandiza. Mu 2000 Heather True ndi Lindquist ananena kuti [PSI+], polola ribosome kulumpha zizindikiro zoimitsa, imaulula makhalidwe obisika amene nthawi zina amathandiza yisiti pa malo ovuta. Gulu la Wickner linayankha mu 2005 kuti linayesa mitundu 70 ya yisiti wa kutchire ndi wa m'mafakitale osapezamo [PSI+] kapena [URE3], ndipo linati chinthu chofalikira mosavuta chonchi chikanakhala chopindulitsa chikanapezeka paliponse. Mu 2012 Randal Halfmann ndi anzake anayesa mitundu mazana angapo n'kupeza [PSI+] mwa yochepa. Amayiwo sanatisankhire mbali. Ine ndimapendekera kwa Wickner pa maprion awiriwa, ndipo chimene chimandikoka ndi kuchuluka kwa mapuloteni amene selo lili nawo olepheretsa prion kubuka ndi kufalikira, monga Ssb ndi Btn2. Namwino wina amene anali nafe anafunsa ngati zimenezi zingathandize odwala matenda a ubongo monga Alzheimer ndi Parkinson, mmene mapuloteni amapanganso amyloid. Yankho linali lodekha: mabakiteriya ali ndi ClpB ndipo zomera zili ndi Hsp101, zimene ndi abale a Hsp104, koma maselo a nyama ndi anthu alibe puloteni yotero m'madzi a m'selo, ndipo amamasula miulu pogwiritsa ntchito Hsp70, Hsp40 ndi Hsp110. Yisiti waphunzitsa akatswiri kuti kudulidwa kwa ulusi kungafalitse m'malo mochiritsa, koma guanidine wa pa kambale si mankhwala a munthu.

Zolemba zimene amapereka ndi masamba ochepa a Chingerezi, osindikizidwa ndi zilembo zazing'ono, ndipo zithunzi za timbale zili zakuda ndi zoyera, zimene pa phunziro lodalira kufiira ndi kuyera zilibe ntchito. Jambulani timbale tanu ndi foni tsiku lililonse, pamalo amodzi ndi kuwala kofanana, ndipo mulembe pansi pa kambale osati pa chivindikiro. Amene akufuna kuwerenga zambiri za jini lililonse amalozeredwa ku Saccharomyces Genome Database, nkhokwe yaulere ya pa intaneti imene imasungidwa ku Stanford University, ndipo ndi bwino kuyang'anamo HSP104, SUP35 ndi SIS1 musanapite, kuti phunziro la pa bolodi lija lisakupitirireni.

Wophunzira wa sekondale amene sanafike pa mutu wa DNA ndi kapangidwe ka mapuloteni adzavutika, ndipo sindingalangize kholo kumulipirira. Mphunzitsi wa Biology, wophunzira wa ku koleji kapena wogwira ntchito mu labotale ya chipatala adzapindula kwambiri. Musanalipire, funsani ngati akonza njira yofunditsira timbale magetsi akazima, ndipo ngati ndinu mphunzitsi funsaninso ngati adzakulolani kutenga mitundu itatu ya yisiti ija kupita nayo kusukulu kwanu. Ife anatilola titalonjeza kuphika timbale tonse tisanataye, ndipo kuonetsa woyera, wa pinki ndi wofiira pa chakudya chokhala ndi adenine ndi chopanda adenine sikufuna guanidine kapena maikulosikopu, kumangofuna poto wa presha, firiji ndi malo ofunda.